Kompyuta Yaphunzira Kuika Pansi

Achemwali anga okondedwa,

Moni wochuluka kwa inu ndi alamu. Msana uja ukupeza bwanji? Ndinamva kuti mukusokabe tsiku lonse pa mpando wopanda chotsamira uja. Mpando umenewo ndi mfiti, muutaye. Ine kuno ndili bwino, ndanenepa mpaka siketi munandisokera ija ikukanira zipi pakati.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani ya leroyi pafoni ndingachite nayo chibwibwi. Tsiku lija ndinkasiya mwana wanga Kanjiwa m'manja mwanu, ndinalonjeza kuti ndidzamutenga ntchito ikadzakhazikika. Chimene chakhala chikunditchinga si nyumba ayi, ndi kompyuta imodzi ya kuntchito. Mayi wotuluka m'nyumba mbandakucha tsiku ndi tsiku sangasunge mwana wa sukulu. Amusambitsa ndani, amuperekeza ndani?

Ndikufotokozereni, musagone. Kampani yathu imanyamula maphukusi. M'mawa uliwonse, madalaivala asananyamuke, kompyuta imatenga mndandanda wa maphukusi n'kuulumikiza ndi wa makasitomala, kuti phukusi lililonse lipeze mwini wake ndi kumene akukhala. Ife timati joyini. Kuti ichite changu, imayala maphukusi onse m'memore, amene ali ngati tebulo lanu lodulirapo nsalu. Maphukusi atachuluka, tebulo linachepa. Ndiye yathuyi ikangoona kuti padzaza inkangofa, basi, zii. Kunja madalaivala akuliza mahutala pabwalo, mkati ine thukuta kamukamu, kuidzutsa ndi kuidyetsa ntchito pang'onopang'ono ngati mwana wodwala. Wina woitha kuinyengerera panalibe, ndiye kulawira kunali kwanga.

Pali mnzanga amene timagawana naye desiki, timangowati a Magalasi. Iwo ankati tingogula memore wina wamkulu. Abwana anawayankha kuti anagula chaka chatha chomwechi ndipo wadzaza kale. Ine ndinati tiiphunzitse zimene mumachita inu nyengo ya mayunifomu: tebulo likadzaza simutseka shopu, mumagawa nsalu m'matumba malinga ndi sukulu, n'kuika pansi, kenako n'kumanyamula thumba limodzilimodzi. Kwa kompyuta pansi pakepo ndi pa disiki. Malo ndi ambiri, koma kuwerama kumachedwetsa. A Magalasi anaseka mpaka kutsokomola, ati ndikufuna kusandutsa njinga yamoto ngolo. Ndinawauza kuti madalaivala safunsa chimene chabweretsa mapepala awo a maadilesi, amangofuna afike. Abwana anati ndiyese, ndipo zikayenda zokha sabata yathunthu ine osagwirapo, ndiziyamba ntchito nthawi imodzi ndi anthu ena onse.

Tsiku loyesa, achemwali, manyazi ake! Inagawa maphukusi m'milu bwinobwino, kuika pa disiki, kutenga woyamba, kumaliza, kutenga wachiwiri, ine mtima uli m'malo, ndayamba kale kuwayang'ana a Magalasi cham'mbali. Itafika pa mulu wina, inafanso. Abwana anangondiyang'ana, kapu ya tiyi ili pakamwa, n'kutuluka. Ndinakadzitsekera kubafa ndipo ndinalira ndithu. Sindinkalirira kompyuta ayi, ndinkaona chaka china chikundidutsa mwana ali kutali.

Amene anapeza vuto ndi a Magalasi omwewo, ndisawamane ulemu wawo. Anakhala nane masana onse osadya, kufufuza mulu woipawo. Miluyo timaigawa potengera nambala ya kasitomala. Kani akalaliki a pa kauntala, munthu akabwera ndi phukusi alibe nambala, mzere uli wautali, amangodina ziro kuti zipite. Ndiye maphukusi onse a ziro anaunjikana mulu umodzi, waukulu kuposa tebulo lomwelo. Ndinatsikira kukauntalako kuti ndikawakalipire. Ndinapeza mzere wafika pamsewu, mayi wina akukalipira kalaliki chifukwa tepi yomatira maphukusi yatha, bambo wina akufuna kutumiza matiresi osakulunga. Ndinangobwerera kudesiki kwanga. Nanenso ndikanadina ziro.

Tsopano a ziro aja timawapatula poyambirira, poti alibe wowalumikiza naye ndipo adilesi yawo imalembedwa paphukusi pomwepo. Mulu wina uliwonse ukakula mopyola, kompyuta imaugawanso yokha. Sabata yonse yathayi zayenda popanda dzanja langa. Zimachedwerapo pang'ono, koma madalaivala amapeza mapepala awo ali tayale. Mmodzi wa iwo, wamkulu wa ndevu zoyera amene ankandiimbira hutala kuposa onse, anandifunsa ngati ndinachotsedwa ntchito, poti sakundionanso m'mawa ndikuthamanga. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Magalasi tsopano akuuza aliyense kuti nzeruyi tinaipeza tonse. Ndawasiya, theka lake ndi loona.

Abwana asunga mawu awo. Lolemba ndinadzuka dzuwa litatuluka, n'kumwa tiyi nditakhala pansi ngati munthu. Ndi pamene ndinaona kuti pansi pa zenera langa pamadutsa ana a sukulu, zikwama zili kumsana, akukankhana. Ndakhala m'nyumba muno nthawi yonseyi osadziwa kuti sukulu ili kuseri kwa shopu ya buledi. Ndinakaiona: ili ndi mpanda, ndi mtengo waukulu pabwalo, ndipo aphunzitsi aakulu ati malo alipo.

Mavuto ang'onoang'ono sasowa. Mpopi wa kukhitchini ukudontha, ndipo mwini nyumba amalonjeza pulambala mwezi ndi mwezi. Aneba a pamwamba anagula wailesi yatsopano, ndiye nyimbo zawo ndaziloweza ndisakufuna. Koma mwini nyumba yemweyo wavomera kuti ndiike bedi lachiwiri, ndipo pakona ya kuzenera ndachotsapo makatoni.

Pempho langa ndi limodzi. Teremu ino ikatha ndikufuna kudzatenga Kanjiwa. Ndikudziwa chimene ndikupempha. Mano ake oyamba anagwera m'dzanja lanu, akadwala amaitana inu, ndipo m'nyumba mwanumo phokoso la mwana ndi lake lokha. Ine amanditchula amayi a m'foni. Ndimaseka akatero, koma zimabaya. Sindikufuna kumuzula ngati udzu, choncho musamuuze kuti amayi ako akubwera kudzakutenga. Mumufunse, muli awiri pamakina paja, iye akutola timabatani pansi. Akati ayi, kapena akangokugwirani diresi, mundiuze momwemo, musakometse. Ndidzadikira teremu ina, bedi silithawa.

Ndipo inuyo, achemwali, aliyense akufunsa za ine ndi za mwana, koma inu palibe wakufunsani. Ndikufunsa ine: mudzakhala bwanji m'nyumbamo iye akachoka? Yankho limenelinso ndikulifuna losakometsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindiiwala kuti ndiwo amamukweza panjinga m'mawa uliwonse. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa atsikana onse a mushopu. Kanjiwa mumupsompsone pachipumi, koma kalatayi muibise, paja tsopano akuwerenga.

Tsalani mu mtendere.

Ine mng'ono wanu,
Make Kanjiwa mnzanu