Kabichi wa Mabowo ndi Sitika ya Alamu

Aphungu,

Ndimagulitsa ndiwo zamasamba pabenchi mumsika. Kabichi ndimaoda kwa bambo wina wa dimba laling'ono, amene anthu amangowatchula kuti Achibakha. Pa 9 Malichi ndinakaona dimba lawolo koyamba, ndipo mpaka lero sindikumvetsa. Abakha amayenda m'mizere ya kabichi n'kumatola nkhono. Bamboyo anafukula dothi ndi manja, lakuda bii, lofewa, lodzaza nyongolotsi. Nditafunsa za mankhwala opopera, anaseka: "Antchito anga ndi awa, malipiro awo ndi nkhono." Ndinangoima phee, ngati ndalowa m'nyumba yopemphereramo.

Vuto langa ndi ili. Mayi wa lesitilanti amene amagula theka la katundu wanga akuti kuyambira pa 1 Meyi azigula masamba a chizindikiro cha "oganiki" okha, chosonyeza kuti analimidwa popanda mankhwala. Achibakha alibe satifiketi yowaloleza kugwiritsa ntchito chizindikirochi. Akuti kuitana oyendera minda n'kodula kuposa zimene amakolola. Ndinawauza mayiwo kuti kabichiyu sapoperedwa, koma anamutembenuza n'kunena kuti, "Wosalala chonchi? Mbozi zimamuopa?" Kunena zoona, m'mawa uliwonse ndimathothola masamba onse obooka kuti azioneka ngati wa m'sitolo.

Alamu anga ali ndi makina osindikizira. Akuti, "Mlamu, sitika n'kapepala chabe, mawa ndikubweretserani." Mayiwo akandisiya, kabichi wa Achibakha aolera m'dimba. Ndimate sitika ya "oganiki" pa kabichiyu?

E.M., wa mumsika

Mayi E.M.,

Musamate. Sitika ya "oganiki" imauza wogula kuti dimba linayenderedwa n'kuvomerezedwa. Bodzalo likadzaululika, woipa dzina adzakhala Achibakha, osati alamu anu.

Makinawo agwire ntchito, koma asindikize zoona: "Zolimidwa mwachilengedwe, zosapoperedwa mankhwala," pansi pake nambala ya foni ya mlimi. Musanalembe, afunseni Achibakha chilichonse chimene amathira m'dothi, kuti musalonjeze zomwe simukudziwa. Ndiye Meyi asanafike, atengeni mayi wa lesitilanti mupite nawo kudimbako. Musakalankhule zambiri, akaone okha zimene zinakusowetsani mawu zija. Achibakha nawonso akambirane ndi alimi anzawo, mwina pagulu satifiketi angaikwanitse.

Chenjerani: mayiwo akhoza kukanabe, ndipo ndi ufulu wawo, choncho yambani lero kufunafuna ogula ena. Komanso lekani kuthothola masamba aja. M'mawa uliwonse mwakhala mukutaya kudzala mboni yokhayo imene munali nayo pabenchipo.

Aphungu