Chitenje chanu sichinadyedwe ndi makoswe

Amayi,

Kumene muliko mukupeza bwanji? Ife kuno ku Chirimba tikudzuka ndithu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinapsa ndi dzuwa, koma nandolo wabereka mpaka tagawirako aneba. Kwa mwana wanu Yohane ku Mpingwe kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kukuwanso ndi kwanu.

Nkhani yaikulu ndi ya mzime wanu Tadala. Ali ku Japan, Amayi. Anamutenga kuti azikathandiza aphunzitsi a kumeneko kuphunzitsa ana Chingerezi. Tadala yemweyu amene ndinkamukoka khutu kuti atsegule buku. Tsiku lomuperekeza ku Chileka ndinawomba m'manja kuposa aliyense, kuti anthu asandiyang'ane kumaso.

Kwa inu sindibisa, ndili ndi nsanje. Chingerezi ndachiphunzitsa zaka khumi ndi zinayi pa pulayimale, koma olemba ntchitoyo ankafuna munthu wa digiri. Ine digiri ndikanaitenga kuti? Bambo atamwalira munati, "Wamkulu ayambe msanga ntchito, ang'ono aphunzire." Sindinakane, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma mudziwe kuti kalata yopemphera ntchitoyo ndinamulembera ndine, patebulo lanu lija logwedezeka mwendo.

Tsopano amatumiza zithunzi. Ana m'kalasi ndi makumi atatu okha, aliyense pa desiki yake. Nsapato amavulira pakhomo la sukulu. Ntchito ya Tadala ndi kuima pambali pa mphunzitsi, kutchula mawu kuti ana abwereze, basi. Ine anga amapitirira zana, ena amakhala pansi, ndipo ikamafika nthawi yoweruka mawu amakhala atasasa. Lamlungu lililonse foni inkalira: "Achemwali, mawa ndiwaimbitse kanyimbo kanji?" Ndinkamuimbira, iye n'kulemba. Nyimbo zanga zinakwera ndege, mwini wake ndikukanganabe ndi makondakitala ku Limbe.

Chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi ichi. Mwezi watha kusukulu kwake anamuuza kuti kudzakhala tsiku loonetsa za kwawo, ndipo adzavale zakwawo. Anapempha chitenje chanu chobiriwira chija munkavala pa maukwati. Pogawa zovala zanu maliro atatha, azakhali anandipatsa ine chimenecho, Tadala anatenga nsapato ndi thumba. Popempha chitenjecho, Tadala anali atapeza kale mayi wina wa ku Mandala amene akupita ku Japan, ndipo mayiyo anavomera kunyamula. Ine ndinamuyankha kuti makoswe anachidya.

Amayi, chitenjecho chili m'sutikesi, chopindidwa bwino, chikununkhirabe mafuta anu odzola. Palibe ngakhale kabowo. Ndinangoganiza kuti wapita ndi Chingerezi changa, wapita ndi nyimbo zanga, tsopano akufuna atengenso inu. Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

Ndinkayembekeza kuti atsutsa, tikangane, mtima wanga upepuke. Sanatsutse. Anangolira. Anati za tsiku la kusukululo alibe nazo ntchito kwenikweni, akanatha kusoketsa diresi. Akuti kumeneko amadya yekha, m'chipinda cha aphunzitsi anthu amaseka iye osamva chimene chaseketsa, ndipo amatha sabata osamva munthu akumutchula dzina molondola. Anandikumbutsanso kuti pamene munkadwala iye anali pa mayeso ku koleji, sanakusambitseni ngakhale tsiku limodzi monga ndinkachitira ine. Anati, "Achemwali, inu munakhuta nawo amayi. Ine ndimafuna fungo lawo lokha." Amayi, mwana amene ndikumuchitira nsanje akundichitiranso nsanje ine!

Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso. Malamlungu awiri adutsa. Ndimabwera kutchalitchi, foni n'kuiika patebulo, n'kumachita ngati ndikuchonga makope. Sindikudziwa ngati akulira chitenje kapena wazindikira bodza langa, pajatu amadziwa kuti m'nyumba mwanga khoswe sagona. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndikuopa kuti fupa limathyoka, makamaka likakhala kutali chonchi, kopanda womanga.

Mayi wa ku Mandala uja anyamuka Lachinayi. Ndikukulonjezani kuti Lachitatu ndikaweruka ndikwera minibasi ndi chitenjecho, ndikachipereka m'manja mwake. Ndikabwerako ndimuimbira Tadala ndekha, ndimuuze kuti khoswe wake ndinali ine. Za nsanjeyo sindikulonjeza kuti itha msanga, musandikakamize. Kusitanso sindisita ayi, akasite yekha ku Japan komweko.

Mupereke moni kwa bambo.

Ndine mwana wanu wachisamba, wokukondani ngakhale mtima uli chonchi,

Esinati