Bulangeti la Amayi Likadali M'sutikesi

Mabvuku, Harare
15 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Tiago,

Moni nonse kumeneko ku Ulongwe. Kaya muli bwanji inu ndi alamu? Nanga mwendo unkakuvutani uja unaphwa? Ife kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndikhala ndikunama, ndipo kunama ndatopa nako. Ndalemba kalata dala chifukwa pafoni mumandidula mawu.

Kuzizira chaka chino kwanyanya. Madzi kumpopi tinawaona komaliza mu Meyi, pano tikungopanikizana pamjigo. Tomato wanganso kumsika akuyenda mokoka. Koma izi n'zazing'ono. Nkhani ndi ya mng'ono wanu Marcos. Wadziwa kuti amayi anamwalira.

Amayi atatisiya mu Seputembala munati tisamuuze, kuopa kuti matenda ake a m'mutu aja angayambirenso. Ine ndinavomera, sindikukana. Miyezi khumi yathunthu, achimwene! Akaimba foni inu n'kumati amayi ali kumunda, amayi agona, amayi apita kutchalitchi. Mwezi watha anagula bulangeti lofiira n'kundipatsa kuti nditumize ndi anthu opita ku Tete, ati amayi sachedwa kuzizidwa. Ndinalibisa m'sutikesi pansi pa bedi, n'kumuuza kuti lafika.

Lachiwiri lapitali m'mawa, Marcos ali pamzere wa madzi, anakumana ndi mayi Rebeka a ku Domwe, aja amabwera ndi nyemba kuno. Iwo mwaulemu wakwathu anatula chigubu, kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumupepesa maliro, ati pamanda paja sanamuone. Kodi analakwa chiyani mayiwo? Anachita zimene munthu woleredwa amachita.

Marcos anasiya zigubu pomwepo. Atafika kunyumba anadzitsekera pamodzi ndi mkazi wake Natalia, chikwanje chili m'manja. Ankakuwa kuti tonse ndife abodza, palibe atuluke mpaka amve mawu a amayi pafoni. Natalia poti amulande chikwanjecho, chinamutema pamkono.

Uthenga unandipeza kumsika. Ndikufika ndinapeza khamu lili yakaliyakali, ena miyala ili m'manja, ati athyole chitseko amuphunzitse. Apolisi awiri amene anafika koyamba anangoona mmene zinalili n'kuitana anzawo, gulu lina limene ntchito yake ndi kugwira anthu oopsa. Anatsika m'galimoto atavala zipewa zolimba, zishango m'manja, ena mfuti. Ndinati basi, lero ndiika mlongo wanga m'manda a eni.

Koma anthu aja sanabwere ndi phuma ayi. Anabweza khamu lonse, kumanga chingwe pamsewu, ambulansi n'kuiimika pakona. Wowatsogolera anali mayi wina wamfupi dzina lake Vimbai. Anafunsa ngati pali wachibale, ndipo nditadzionetsa sanandifunse kuti Marcos wachita chiyani, anandifunsa kuti amaopa chiyani. Ndinamuuza za nkhondo ya kwathu ija, mmene asilikali anatenthera nkhokwe zathu iye ali ndi zaka zisanu n'chimodzi, ndi kuti mpaka lero akaona munthu wa mfuti amanjenjemera. Pomwepo anauza a mfuti aja kuti akaime kuseri kwa mpanda wa aneba, poti asawaone.

Vimbai analankhula naye yekha pawindo m'Chishona, modekha, kwa ola lathunthu. Koma Chishona chonse chimene Marcos wakhala akulankhula zaka makumi atatu chinali chitathawa, ankangoyankhula chakwathu, chija cha kumudzi. Ndiye Vimbai anandiimika ine kuseri kwa chishango pafupi ndi windo. Anandiuza kuti ndinene chilichonse, koma ndisamunamize ndipo ndisamulonjeze chimene sichichitika, chifukwa munthu wotere akakugwira bodza kamodzi chitseko sichitsegukanso, ndipo zikatero iwo alowa mwamphamvu.

Achimwene, bodza linali kale pakamwa panga. Ndinkati ndimuuze kuti mayi Rebeka asokoneza, amene anamwalira ndi azakhali. Ndinachita manyazi kuti munthu wachilendo, wosadziwa ndi mudzi wathu womwe, ndiye akundiphunzitsa kulankhula ndi mwana wa amayi anga.

Ndinamuuza zonse. Anafunsa tsiku, ndinamuuza. Anafunsa matenda, ndinamuuza. Anafunsa ngati amayi anamutchula, ndinati eya, anamufunsa kawiri, ndipo ife tinati ali pantchito. Kenaka ndikumva akufunsa ndi mawu aang'ono kuti nanga dothi lake m'manda anamuponyera ndani. Ndinayang'ana Vimbai, iye n'kungondigwedezera mutu ngakhale sankamva chakwathu. Ndinati palibe.

Kulira kumene analira sindidzakuiwala. Anali maliro enieni, achimwene, maliro a amayi ofika mochedwa ndi miyezi khumi. Ine ndinalira naye kunja kwa windo. Anyamata a zishango aja sanasunthe, anangodikira mpaka atatopa. Cha m'ma 4 koloko anatsegula, Natalia n'kutuluka atakulunga mkono ndi chitenje. Ndinamuuza Marcos zimene Vimbai ananena, kuti aponye chikwanje pawindo, atuluke manja ali m'mwamba, ndipo amumanga unyolo. Izinso sindinamubisire. Anatuluka. Anamuzungulira anayi, kumugoneka pansi, kumumanga. Palibe anamumenya ngakhale khofi limodzi, ndipo wina anamutolera silipasi yake n'kumuveka.

Natalia anamusoka mkono, pano ali kwa makolo ake ku Kambuzuma. Ngati adzabwerere sindikudziwa, ndipo sindingamukakamize. Marcos ali kuchipatala, wapolisi ali pakhomo. Mlandu wovulaza munthu ulipo, khoti likudikira zimene madokotala anene.

Sindikukuimbani mlandu nokha. Tinalakwa tonse, tinkati tikumuteteza. Koma pempho langa ndi limodzi, ndipo musandiyankhe msanga monga mwa chizolowezi chanu. Mwambo wa chiliza cha amayi umene munakonza kuti uchitike mu Seputembala muuimitse. Ndikudziwa kuti simenti munagula kale ndipo abale munawauza. Auzeninso. Kaya chipita chaka, kaya ziwiri, chilizacho chidikire Marcos. Tinamumana maliro, tisamumanenso ichi. Mukachita iye kulibe, mudziwe kuti nanenso simundiona.

Dzulo ndinakamuona. Kuchipatalako kukuzizira koopsa, ndiye ndinati ndimutengere bulangeti lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kulisisita, mapepala a kusitolo akadali pomwepo. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangolipinda bwinobwino n'kundibwezera, ati si lake, ndi la amayi, adzakapereka yekha. Ndinamusiya atadzipinda m'kabulangeti kopyapyala ka chipatala. Lofiiralo labwerera m'sutikesi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndiponso kwa ana onse. Mayi Rebeka akabwera kumeneko pasapezeke wowanena. Ndipo mukapita kumanda mukawauze amayi kuti mwana wawo wamva, sikuti anawataya.

Ndine mlongo wanu,
Eneles