Kandalama ka mfumu ndi kabodza

Lachinayi, Novembala 1996

Lero lakhala tsiku loipa, ndipo chakudya sichikulowa.

Zotsatira za ku labu yoyeza zitsulo ya ku Gaithersburg zabwera. Kandalama kasiliva kamene ndatsamirapo kafukufuku yense wa digiri yanga ndi kabodza. Ndakhala ndikulemba kuti mfumu ina yamakedzana itagonjetsa mzinda, inasulira ndalama zake momwemo, koma kuseri kwa ndalamazo inasiya zilembo za eni mzinda pofuna mtendere. Umboni wanga unali kandalama kamodzi komweka. Akuti siliva wake anayengedwa ndi makina amasiku ano.

Apulofesa ondiyang'anira pa kafukufukuyu anandiitanira mu ofesi mwawo. "Si kulakwa kwanu," anatero, "koma muyenera kuyambiranso." Nditawafunsa za sikolashipu yanga, yomwe ikutha mu Meyi, anangoyang'ana pawindo.

Ndayendetsa galimoto mpaka kunyumba kuno ku Bowie osayatsa wailesi. Ndapeza mkazi wanga Eliza ali pampando, asanavule yunifomu ya kunyumba yosamalira okalamba, mapazi otupa ali m'beseni. Amagwira mashifiti awiri kuti ine ndiziwerenga za mfumu yoti inafa kalekale.

"Zayenda bwanji, a Dokotala?" wandifunsa akumwetulira. Anayamba kunditchula choncho tisanachoke ku Zomba.

Ndamuuza kuti zotsatira sizinatuluke. Iye wati tizingopemphera, kenako wayamba kukamba za diresi lomwe adzavale tsiku lolandira digiri. Ndamuwonjezera madzi ofunda m'beseni, osamuyang'ana kumaso.

Mawa ndiyenera kumuuza. Koma ndikati ndiganize mawu oyambira, sindikuwapeza.