Bambo Akusunga Bondo

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino limodzi ndi alamu ndi ana. Ife tilipo, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha Bambo.

Bambo asiya kuyenda. Sikuti agwa ayi. Mukudziwa kuti bondo lachitsulo lija, limene madokotala anawaika nyamakazi itadya lawo lenileni, lawayendetsa zaka zambiri popanda vuto. Ndiye tsiku lina tili pamzere kuchipatala, mkulu wina woyendera ndodo ziwiri anawauza kuti zitsulo zimenezi zimatha, ndipo kuika kachiwiri n'kowawa kuposa koyamba. Titafika kunyumba anakhala pampando wa pawindo uja. Kupatula kuchimbudzi ndi kokagona, akadali pomwepo. Akuti akusunga bondo.

Adokotala anawajambula n'kutisonyeza chithunzi. Akuti chitsulo chili nganganga, sichinagwedere, chikhoza kuwafikitsa patali. Chimene chikutha ndi minofu ya ntchafu. Akapitiriza kukhala chonchi, tsiku lina adzafuna kudzuka koma mwendo udzakana. Mawu amenewo amandilira m'khutu ngakhale ndikuchapa.

Ndikawakumbutsa, ukalipentala wawo umadzuka. Amati, "Iwe, chitseko chotsegulatsegula mahinjezi ake sachedwa kutha." Ine ndinati, "Nanga chosatsegula sichichita dzimbiri?" Iwo akuti, "Ho, afika akalipentala atsopano! Munakhomapo msomali ungati, mayi?"

Ndayesa zonse, achimwene. Wailesi ndinaiika pamwamba pa kabati kuti azidzuka poitsegula. Ndinawapeza alumikiza ndodo yawo ndi mtengo wa mopu, akukanikiza batani ali chikhalire, akuseka. Ine sindinaseke. Dzulo powathandiza kuvala buluku ndinaona kuti mwendowo wawonda, khungu likungolendewera. Ndinakalirira kubafa kuti asandione.

Tsono musakwiye ndi zimene ndinene. Nthawi zonse pafoni mumamaliza ndi mawu akuti, "Bambo, muzilisamala bondolo." Iwo anawagwira ngati lamulo. Ine ndikalankhula akuti ndi phokoso, inu mukalankhula ndi nzeru, poti ndinu wopita kusukulu. Inu mumatseka foni n'kupitiriza zanu, wotsala ndi mpando uja ndine. Akadzalephereratu kudzuka, ndidzawanyamula bwanji ndekha ndi msana wangawu?

Chonde aimbireni sabata ino. Musawafunse kuti ali bwanji, akunamizani. Muwauze mosapita m'mbali kuti kusamala bondo n'kuliyendetsa, azifika pageti m'mawa ndi madzulo. Ndipo musanene kuti ndakuuzani zimenezi, mwina andinyanyalira chakudya.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo andiona ndikulemba, ndawauza kuti ndi kalata ya moni chabe. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino zedi, ndipo bondo alisunga ndithu kuti tsiku limene mudzabwere adzakuchingamireni pasiteji ya basi ndi miyendo yawo. Nsapato zawo ndimazipukutabe n'kuziika pafupi ndi mpando. Sanazifunsepo.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Nankhawa