Za Rauta Yosawolotsa Uthenga ndi Envulopu ya Komiti

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Shopu ya a Telala
Opezeka: Wapampando wa eni mashopu, a Telala, Mayi a Fotokope, Katswiri wa makompyuta, ndi ine Mlembi
Osapezeka: A Famase (akuti chimfine, koma tinawaona pawindo)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa atakhala pa mpukutu wa nsalu.

2. Mashopu akuseri
Mayi a Fotokope anadandaula kuti chigawireni netiweki pawiri, kumaso ndi kuseri, makompyuta akuseri salumikizika. Anapempha kuti Katswiri achotsedwe ntchito lero lomwe.

Katswiri anafotokoza kuti kompyuta ikayaka imafuula kupempha adiresi, koma seva yogawa maadiresi ili kumaso, ndipo rauta, bokosi la pakati lolumikiza mbali ziwirizi, siwolotsa mfuwuyo. Anaululanso kuti Wapampando analowetsa okha adiresi imodzi m'makompyuta onse akuseri. Wapampando anati ankafuna chilungamo, pasakhale wodzimva. A Telala anaseka mpaka tepi yoyezera inagwa kuchoka m'khosi.

3. Mawu a Mlembi
Ine m'kalasi sindinapondemo. Zilembo ndinaphunzirira pa maenvulopu, zaka makumi atatu ndili mesenjala. Ndinauza komiti kuti wofuula pabwalo bwana samumva. Pamafunika munthu wotenga uthengawo, kulembapo komwe wachokera, kukagogoda kwa bwana, n'kubwera ndi yankho.

Katswiri anaomba m'manja. Anati chimenecho ndicho DHCP relay, ndipo akanatchera kalekale, koma kwa milungu itatu Mlembi akukana ndi pasiwedi ya rauta.

"Agogo, si ili m'thumba mwanumo?" anandifunsa Katswiriyo.

Ndinavomera. Amene anaika rauta anandisiyira pasiwediyo mu envulopu yolembedwa "Komiti". Katswiri si komiti. Sindinapepese, ndipo zilembedwe choncho. Popeza lero komiti inakhala pansi, ndinapereka envulopu kwa Wapampando ndi manja awiri, iwo n'kusainira.

4. Kutchera
Wapampando atamupatsa pasiwedi, Katswiri analowa mu rauta n'kulemba adiresi ya seva pa khomo loyang'ana kuseri. Pa seva anatsegula gulu la maadiresi a kuseri, kenaka anafufuta chilungamo cha Wapampando. Tonse tinandondozana kupita kwa Mayi a Fotokope. Kompyuta inalandira adiresi yakeyake, makina n'kulavula mapepala a milungu itatu. Mayiwo anavina atanyamula Katswiri m'mwamba, n'kubweza pempho lawo. Katswiri akhalabe pa ntchito.

5. Zina ndi zina
A Telala anapempha kuti rautayo tizitcha Mesenjala. Onse anavomera kupatula ine, chifukwa sinakwanitse ngakhale tsiku limodzi pa ntchito. A Famase analulutira pawindo n'kupempha alembedwe kuti analipo. Ndakana.

Msonkhano wina: Lachitatu, 11 Juni. Tinatseka 10:40.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________