Boma Langosintha Malaya

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Nanga msana uja munkadandaula unaleka? Kuno tadzuka. Ine palibe pamene pakupweteka. Bambo mwendo wakumanzere ukukokabe pang'ono chidwalire sitiroko ija, koma akuyenda okha popanda ndodo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni ndimangoti tili bwino, chifukwa Bambo amakhala ali pambali panga khutu lili tcheru, inunso mumakhala mukuthamangira kuntchito. Izi n'zofunika kuzimva mutakhala pansi.

Bambo asiya kumwa mankhwala a bipi. Akuti sangalandire kanthu kuchokera m'manja mwa boma limene iwo sanalisankhe. Boma lakelo ndine.

Sekani ngati mukufuna, zilibe kanthu. Ndiyambe poyambira.

Mukukumbukira mmene nyumba yathu inkayendera tili ana. Bambo akaweruka kukoleji, choko chili mbuu m'mikono ya jekete, phunziro lawo la ndale ndi kayendetsedwe ka maboma silinkatsala m'kalasi. Ankabwera nalo patebulo. Iwo anali mfumu, Amayi nduna yaikulu. Amayi ankati n'zoonadi, ntchito ya mfumu ndi kukhala pampando n'kumawerenga nyuzipepala, dziko likuyendetsedwa kukhitchini. Inu munali Nduna ya Zakunja chifukwa simunkapezeka pakhomo. Ine ndinali Nduna ya Madzi, poti munthu akangondiyang'ana molakwika misozi inali itayamba kale.

Ngakhale wailesi tinkachita kuvotera. Inu munkandinyengerera ndi maswiti kuti ndivotere mpira, Bambo n'kumati taonani, ziphuphu zayambira m'nyumba ya mphunzitsi.

Pali chimodzi chimene ankabwereza mpaka tinachiloweza. Ankati mphamvu ndi ulamuliro n'zosiyana. Wamphamvu umamumvera chifukwa wagwira ndodo. Waulamuliro umamumvera chifukwa mumtima mwako wavomereza kuti ndi woyenera kukuuza chochita. Ankati chigawenga cha mpeni ndi namwino wa jakisoni onse amabaya, koma mmodzi yekha ndiye umamutambasulira mkono.

Achimwene, mutu wa Bambo wataya zambiri. Aiwala kuti anapuma pantchito. Aiwala kuti Amayi anatisiya. Masiku ena amasowa kumene kuli bafa, m'nyumba imene anamanga okha. Koma phunziro lija likadali lonse, silinathothoke ndi liwu limodzi lomwe.

Mwezi watha ine ndili kuntchito, kusitolo ya zipangizo zomangira kuja, iwo anatuluka. Anavala jekete ndi tayi, kumapazi masilipasi akubafa. Anayenda mpaka kukoleji, kudutsa msewu waukulu wa malole uja. Mlonda wapageti ndi watsopano, sawadziwa. Anawakhazika pabenchi, iwo akukalipa kuti ophunzira akuwadikira. Mwamwayi anawazindikira mayi wina wa mulaibulale amene anaphunzirapo kwa iwo, n'kubwera nawo pagalimoto. Chala chakuphazi chinali chikutuluka magazi, eni ake osadziwa.

Mawa lake ndinagula loko kuntchito, wamkulu uja timauza makasitomala kuti ngakhale sowo imachita kugonja. Ndinakhoma geti. Makiyi ndinawamangirira pachingwe n'kuvala m'khosi, chifukwa m'thumba amawapeza. Ndikachoka amakhala okha mumpanda, a Ometa n'kumasuzumira. Mukuwakumbukira a Ometa, aja a kashopu koyang'anizana ndi geti lathu, amene akhala akumeta Bambo kuyambira tili ana.

Tsiku la lokolo ndi limene ndinaleka kukhala mwana wawo. Anayang'ana geti, anayang'ana makiyi pachifuwa panga, n'kundifunsa mwaulemu kuti kodi boma lalandidwa liti, poti pawailesi sanalengeze. Kuyambira pamenepo dzina langa ndi Boma. M'mawa amati Boma ladzuka bwanji. Ndikawapatsa madzi osamba amati tithokoze Boma. Poyamba ndinkayesa nthabwala zawo zija. Ndinawayang'ana m'maso, Achimwene. Sandidziwa.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti zonsezi n'zokomera iwo omwe. Anagwedeza mutu monga ankachitira wophunzira akayankha molondola. Anati imeneyo ndiye aidiyoloje, nkhani imene wolamulira amauza anthu kuti asafunse mafunso, n'kumadziuzanso yekha kuti apeze tulo. Akuti palibe amene anatsekerapo anthu n'kunena kuti ndakutsekerani chifukwa ndatopa. Onse amati n'zokomera inu nomwe. Ndinangopita kukatsuka makapu.

Tsiku lililonse amafunsa kuti nduna yaikulu ili kuti. Kale ndinkawauza zoona, iwo n'kulira ngati maliro achitika lero, mawa n'kufunsanso. Pano ndimangoti apita kumsika. Ndiye kuti unduna wofalitsa nkhani nawonso uli m'manja mwanga.

Kenako anayamba kunyanyala. Chakudya amadyako pang'ono akaona kuti sindikuyang'ana, koma pa mapiritsi anatemetsa nkhwangwa pamwala. Ndinasinja mapiritsiwo n'kuthira mu tiyi. Analawa kamodzi, nakankha kapu, akuti Boma layamba kuthirira anthu. Pano ngakhale tiyi amadikira kuti ndiyambe ndamwako ine.

Adokotala atawayeza anavula magalasi n'kundiuza mosapita m'mbali. Akuti magazi akuthamanga moopsa, ndipo sitiroko yachiwiri ikabwera sidzachita chisoni ngati yoyamba ija. Anandifunsa ngati ndamvetsa. Ndinati ndamva, n'kufunsa nthawi imene amatseka polandirira mankhwala.

Ndiye m'mawa wina ndinaitana a Ometa. Iwo anagwira mikono, ine ndinatsegula pakamwa. Bambo sanalimbane kwenikweni. Mphamvu zawo zachepa kuposa mmene mukuganizira, mikono yatsala mafupa. Atameza anapukuta milomo, nakonza kolala, n'kunena chapansipansi kuti mphamvu muli nazo. A Ometa anatuluka akupukuta m'maso, nandipempha kuti chonde ndisadzawaitanenso pa zoterezi. Ine ndinayang'ana wotchi n'kuona kuti ndichedwa kuntchito.

Ndachita dzanzi, Achimwene. Nduna ya Madzi ija, yolira nkhuku ikamaphedwa, inafinya nsagwada za bambo ake m'maso muli gwa. Ndimadya, ndimayeza misomali pasikelo, makasitomala akaseka nanenso ndimaseka. Mkatimu muli zii. Ndikudziwa kuti ndimayenera kuchita mantha, koma ngakhale manthawo sakubwera.

A Ometa omwewo ndiwo anadza ndi nzeru. Anati munthu akatsala ndi chinenero chimodzi, muziyankha m'chomwecho. Ngati akufuna boma losankhidwa, apatseni chisankho.

Bambo atamva, nkhope inawala koyamba chikhomere loko uja. Anaika mfundo zawo. Voti ikhale yachinsinsi. Pakhale woyang'anira wosakondera mbali. Wogonja avomereze. Anandifunsa ngati Boma lidzavomere likagonja, ine ndinati lidzavomera. Anati onse amatero chisankho chisanachitike.

Tinachitira pabalaza, Loweruka masana. Bokosi linali chitini cha tiyi chofiira chija Amayi ankasungiramo mabatani. Ndinakhuthulira mabataniwo m'mbale n'kuboola chivundikiro. A Ometa anatseka shopu nabwera atavala shati yoyera, kudzakhala woyang'anira. Bambo anawalamula kuti atembenuze chitini anthu onse aone kuti mulibe kanthu. Anthu onsewo tinali atatu, wovota mmodzi. Analowa kuseri kwa katani ndi pepala ndi pensulo, nakhalitsako, ife tikungoona masilipasi pansi pa nsalu. Atatuluka anaponya voti yawo n'kutambasula chala kufuna inki. Ndinawapaka polishi wa nsapato.

Ine ndinkayembekeza dzina lanu. Ndinali nditakonza kale kuti ndizikuimbirani m'mawa uliwonse, inu muziwalamula pafoni kuti amwe. Mwinanso likanakhala la Amayi, ndipo pamenepo sindikudziwa kuti ndikanatani.

A Ometa anatambasula pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsira. Bambo anakalipa kuti zotsatira zimalengezedwa poyera. Ndiye ndinawerenga ndekha mokweza. Analemba ndi zilembo zawo zopendekeka zija kuti, Nduna ya Madzi, mwana wanga wamkazi.

Anaimirira n'kundiuza ndi ulemu wonse kuti Boma lagonja. Anati mwana ameneyo ndi wa mtima wofewa, sangakhomere munthu loko, ndipo chilichonse chimene angawapatse adzamwa osafunsa. Anandipempha kuti ndimutumire uthenga abwere msanga.

Ndinati ndine ndemwe, Bambo. Anaseka pang'ono, n'kuuza a Ometa kuti mwaona, ogonja onse amati apambana.

Mawa lake ndinayesa. Ndinatuluka ndi chikwama ngati munthu wochokadi, n'kukhoma geti monga mwa masiku onse. Kuseri kwa shopu ya a Ometa ndinavala diresi yanga yakale yamaluwa, imene Bambo anandigulira nditamaliza sukulu. Zipi sinafike pamwamba, ndinaphimba ndi juzi. Ndinamasula tsitsi, makiyi ndinabisa m'malaya. Ndinabwerera n'kuima pageti ndikuitana kuti odi Bambo, ndabwera, ndine Nduna ya Madzi.

Anatuluka, Achimwene. Anabwera akukoka mwendo uja mofulumira, nkhope ili mwee, manja ali kutsogolo. Anagwira zitsulo za geti, nanenso ndinagwira. Anati mwanawe unali kuti, ationetsa zakuda kuno. Anagwedeza loko, nayang'ana uku ndi uku kufuna wotitsegulira.

Panalibe wotsegula. Mutu wanga sunaganize kufika pamenepo. Tinaima choncho, iwo mkati ine kunja, dzuwa likutiwotcha, mpaka mwendo wawo unayamba kunjenjemera. Ndinapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa makiyi.

Anachotsa manja pazitsulo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ooh, Boma langosintha malaya. Anatembenuka nalowa m'nyumba. Ine ndinatsegula, ndinalowa, ndinakhomanso, n'kukaika madzi pamoto.

Ndinapempha a Ometa kuti azisunga makiyiwo. Anakana, ndipo sindiwaimba mlandu. Akuti Bambo angowakhululukira kumene za tsiku logwirana lija, ndipo akangogwira makiyi nawonso asanduka Boma, munthu wamkuluyu n'kutsala wopanda mnzake ndi mmodzi yemwe. Kuchotsa loko sindingathe. Msewu wa malole uja sunasamuke.

Tsono pempho langa ndi ili. Zimene mumatumiza zimafika, sindikudandaula. Koma geti silitsegulidwa pafoni. Bwerani, Achimwene. Pemphani tchuthi, nenani kuti kwanu kwavuta, chifukwa kwavutadi. Mudzandilande makiyi iwo akuona, mudzandithamangitse pakhomo ngati n'kofunika. Ine ndikagona kwa mnzanga wakuntchito masiku angapo. Kenako ndidzabwera ndi diresi ija, m'khosi mulibe kanthu, inu n'kunditsegulira.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Pano mukaimba foni amakudziwani, amaseka, amauza a Ometa kuti Nduna ya Zakunja ikuimira bwino dziko. Mukadzangogwira makiyi zimenezo zidzatha. Adzakuyang'anani mmene amandiyang'anira ine. Ndikukupemphani kuti mubwere mudzadedwe ndi bambo anu, kuti ine andilole kuwaika piritsi m'dzanja. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu ndinu.

Ngati zidzatheke sindikudziwa. Mwina adzationa tonse ngati chipani chimodzi. Koma iwo omwewo ankatiphunzitsa kuti mphamvu zonse zisamakhale m'dzanja limodzi, ndipo langali latopa mpaka silikumvanso chimene lagwira.

Chichitikire chisankho, m'mawa uliwonse amavala jekete ndi tayi n'kukhala pazenera loyang'ana kugeti. Polishi uja akukana kuti ndiwapukute pachala. Mapiritsi ndimawaika pakambale pambali pawo, madzulo n'kuwapeza ali pomwepo. Dzulo anandifunsa ngati uthenga unafika kwa mwana wawo. Ndinati unafika. Anafunsanso ngati akadali wolira msanga ngati kale. Ndinati ndamva kuti anasiya. Anapukusa mutu, nati Boma limanama, mwana ameneyo amamudziwa bwino iwo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikubwerekako mwamuna wawo, ndidzabweza. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. A Ometa akuti ndikupatseni moni, ndipo akuti mukamabwera musamete, mpando ukukudikirani. Mulungu akusungeni ndi kukuyendetsani bwino panjira.

Mukafika musavutike kugogoda. Ingoimani pageti, mudzawaona ali pazenera.

Ndine mlongo wanu,
Nduna ya Madzi